Nkhokwe Zinayi za Dokiso

Lolemba, 17 Juni 1991

Alamu anga a Gibisoni, mlongo wa mkazi wanga NyaTembo, afika kuchokera ku Joni ndi katoni. Aisiya kwathu kuno ku Boma chifukwa iwo akupitirira kumudzi ku Edingeni kukaona ng'ombe zawo, ndipo akuti kumeneko ana angaphwanye zonse. Adzaitenga Lamulungu, n'kukwera nayo basi kubwerera.

M'katonimo muli:
kanema wamng'ono, wosaonetsa mitundu, chakuda ndi choyera basi
kabokosi kotuwa, kukula kwake ngati njerwa
kaseti imodzi yolowetsa m'kabokosimo
chogwirira cha mabatani
zingwe zopiringizana. Ndazimasula, ndakulunga chilichonse pachokha.

Magetsi tilibe. Ndabwereka batire lakale kwa a Shaba, oyandikana nafe, oyendetsa lole ya matabwa ku Luwawa. Akuti limagwira kuyambira pa nkhomaliro mpaka dzuwa kupendeka, kenako lifunika kukatchajitsa ku galaja. Ndatseka makina anga osokera msanga lero.

Alamu alumikiza. Pagalasi patuluka kamunthu ngati chala changa chachikulu, kataima pakati pa mudzi. Ndadina kumanzere, kapita kumanzere. Ndadina kumanja, kabwerera! M'nyumba muno palibe amene anandimverapo msanga chotere.

Masewerawo ndi ulendo. Kamunthu katuluke m'mudzi, kadutse nkhalango, kafike pamlatho. Pamlathopo pali mlonda. Tsidya linalo, akutero alamu, kuli nyanja yamchere ndi sitima yaikulu. Anena izi NyaTembo ndi a Shaba akumva: "Alamu, inu malire anu ndi Kasungu. Wolokani mlatho uwu, mbwenu mwaiona nyanja." Aseka onse. Ine ndati Lamulungu adzandipeza nditaiona.

Za malire sakunama. Ndili mnyamata ndinapita kukalembetsa za kumigodi monga anzanga onse. Dokotala anaika chitsulo chake pachifuwa changa, napukusa mutu. Anzanga anakwera, ine ndinabwerera ndi bulangete langa lopindapinda. Chiyambire, pamaliro kapena pakhonde la kwa apongozi, amuna akayamba za ku Joni ndi za madzi a ku Thekwini osaoneka malire, ine ndimakhala wosonkhezera moto.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Kamunthu kakagonjetsa zilombo zingapo kamalandira timadontho. Alamu ali ndi dzina lake la Chingerezi, ine ndikuti nyemba chifukwa n'zimene timadonthoto tikufanana nazo. Nyembazo uziika m'nkhokwe zinayi: dzanja lomenyera, phazi lothawira, mankhwala odzipoletsera, ndi moto woponya. Ukaika waika, sizitulukanso. Munthu wako amakhala chimene wamudyetsa.

Alamu akuti zonse ku dzanja, osaganiza chomene. Maganizo a ku Joni amenewo. Munthu wa dzanja lokha akadwala? Akakumana ndi chinthu chofunika kuthawa? Ndangovomera ndi mutu, mumtima ndili ndi zanga.

Chovuta china: kabokosi sikakumbuka. Akuti kanthu kokumbukira m'kasetimo kanafa kale. Ukazimitsa, kamunthu kamabadwanso kopanda nyemba, kopanda dzina. Ndiye kuti ulendo wonse uyenera kukwana m'batire limodzi.

Kafunika dzina. Ndalemba Dokiso. Dzinali ndinalisunga kalekale, koma Mulungu anatipatsa atsikana okhaokha.

Dongosolo:
Lachiwiri, kudziwa nkhalango
Lachitatu, kufika kunyanja
masiku otsalawo, kuiyang'ana

Lero ndangoyenda m'mudzi wa Dokiso kupereka moni. Aliyense ali ndi mawu ake a Chingerezi, ndikumva theka. Alamu akuti ndizilowa m'nyumba za anthu, ndizitsegula mabokosi awo, ndizitenga za m'menemo, ndi mmene masewerawo amayendera. Ndakana. Eni ake ali chiimire pomwepo akuyang'ana. Ndisanamalize moni batire latha.

Lachiwiri, 18 Juni

Chisanu. Nkhungu yatsika kuchokera ku Viphya, mitengo ya pamsika ikuoneka mitu yokha. Batire panjinga, lokulungidwa m'thumba la feteleza, ulendo ku galaja. Ndasoka mpaka masana, mayunifolomu awiri ndi zipi imodzi. Manja pamakina, mutu kunkhalango.

Nkhalango ya Dokiso ndi yabwino zedi. Mitengo yonse msinkhu umodzi, ili m'mizere ngati paini wa ku Luwawa, palibe chitsa, palibe minga. Muli kanyimbo kowonda, ngati udzudzu umene unaphunzira kwaya. Ndaima pamenepo nthawi ndithu, osadina kanthu. Munthu atha kumanga nyumba m'menemo.

Zilombo: achule aakulu ngati mbuzi, njuchi, ndipo mkati mwenimweni nguluwe.

Chule woyamba wagwa. Wachiwiri wagwa. Kanyimbo kasintha, nyemba zabwera. Zitatu.

Zitatu! Nkhokwe zinayi! Anapanga zimenezi ndani? Ndikapatsa dzanja, phazi ndi mankhwala, moto ukundiyang'ana. Ndikapatsa moto, phazi latsala. Ndaganiza zosunga kaye mpaka zichuluke kuti zigawike bwinobwino, aliyense zofanana. Dokiso wayenda nazo m'thumba, wosadya ngakhale imodzi. Njuchi zitatu zam'peza. Wagona chagada, timiyendo m'mwamba, nyemba zili m'thumba.

Sindinadziwe kuti chingandipweteke. Ndatuluka kukamwa madzi.

Wabadwanso m'mudzi. Ulendo wachiwiri ndagawa mozungulira, amene watsala lero ndiye woyamba ulendo wotsatira. Ndikuika chizindikiro ndi choko changa chosokera pamwendo wa tebulo kuti pasakhale wodandaula. Dokiso tsopano amatha zonse. Amamenya, koma ngati telala. Amathamanga, koma ngati munthu wovala nsapato zatsopano. Mankhwala ake amapoletsa kachilonda ka lumo. Moto wake ndi wa machesi onyowa, psii, kautsi, basi. Ndikumukonda chonchi. Ndi munthu amene ungamutume kulikonse, wosachititsa manyazi.

Nguluwe sikugwirizana nazo. Yamugunda kawiri, nkhani yatha. Ulendo wachitatu chimodzimodzi, kungoti anayesa kuthawa, yam'peza pamtengo wachiwiri.

NyaTembo anaima kumbuyo kwanga akupukuta mbale. Akuti ndikugawa nyemba ngati ndiwo za pamaliro, aliyense alawe koma wokhuta palibe. Ndawafotokozera kuti ngakhale m'munda mwathu muli chimanga, nyemba ndi maungu, mzere umodzi. Akuti chimanga sichimenyana ndi nguluwe.

Batire likamatha, chithunzi chimachepa pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, mpaka kutsala kadontho koyera pakati. Ndinakhala ndikuyang'ana kadonthoko mpaka kanazima.

Lachitatu, 19 Juni

Lero linali la nyanja. Batire silinatchajidwe.

Pachipata cha msika achinyamata a chipani akuona makhadi. Langa lili m'pulasitiki, m'thumba lamkati, ndimalisita pang'ono likakwinyika. Mmodzi wagogoda thumba la feteleza, akuti batire la chiyani, bambo. Ndati la wailesi. Ndanama, chifukwa kabokosi kochokera kunja, kokhala ndi zingwe ndi anthu olankhula Chingerezi mkati, ungakafotokoze bwanji? Wandibwezera khadi osaliyang'ana n'komwe. Kufika ku galaja, magetsi azima Boma lonse. Akuti ndilisiye, mwina mawa.

Pakhonde la sitolo pomwe ndimasokera ndalakwitsa, ndatchula za nyemba. Tsopano aliyense ndi katswiri.

Mayi Moyo a kumpingo kwathu, amene anabweretsa bulauzi yoti ndikulitse, amva za moto wotuluka m'manja, aika dzanja pakamwa. Akuti munthu wa mpingo ngati ine, wonyamula mbale ya chopereka, ndikuweta chiyani m'nyumba? Akuti ngati n'kofunika kusankha, ndisankhe mankhwala, kuchiza ndi ntchito yoyera. Ndalonjeza kuti moto ndausiya. Mnyamata wa m'sitolo akuti phazi, munthu wothamanga safa. Wogulitsa mtedza akuti zimenezo n'za ana. Anakhalabe mpaka masana akufunsa kuti nguluweyo inali yaikulu bwanji.

Tsidya la msewu kuli a Lungu, telala mnzanga. Iwo amasoka masuti okha. Ukawapatsa chigamba amachiyang'ana ngati wawapatsa khoswe. Masiku ambiri amangokhala, miyendo pampando, koma ukwati ukamveka anthu amachokera kutali kuwafuna iwo. Ine ndimasoka chilichonse, mayunifolomu, matumba a ufa, chishalo cha njinga, tsiku lina ambulera. Sindisowa ntchito. Palibenso amene anachokerapo kutali kundifuna. Ndawayang'ana nthawi yaitali lero mpaka anandikweza dzanja.

Madzulo ntchito inachepa, ndinayamba kuiona nyanjayo. Ndikuganiza kuti ili ngati mpukutu wa nsalu yabuluu ukamatambasulidwa patebulo, koma wotambasulayo saleka, ndipo palibe wobwera ndi sizasi. Nsalu yopanda mpendero. M'mphepete thovu loyera ngati lesi ya diresi la ukwati, likubwera, likubwerera, ngati wosoka sanaganizebe poti aliike. Sitimayo ili ndi nyale ngakhale masana. Dokiso waima kutsogolo, mphepo ikumukankha malaya, ine ndili pambali pake ndagwira chipewa.

Podzidzimuka, ndasoka thumba la thalauza la aphunzitsi kukamwa kwake. Matumba onse awiri. Ndaphwasula mwakachetechete.

Lachinayi, 20 Juni

Magetsi abwera. Batire ladzaza, lolemera mokoma.

Ndagona ndikuganiza, ndadzuka nditasankha. Ngati n'kofunika nkhokwe imodzi, ikhale mankhwala. Vuto la Dokiso ndi kufa. Munthu amene sakufa adzafika ndithu, ngakhale mochedwa.

Achule oyamba ndawagonjetsa movutikira ndi manja obadwa nawo. Nyemba zonse ku mankhwala. Zachiwiri, ku mankhwala. Zachitatunso. Nkhokwe imeneyo yatalika, zinazo zili mbee. Ndayesetsa kusaziyang'ana.

Mkatikati mwa nkhalango takumana ndi chule wina, wamkulu kuposa aja, wa mawanga.

Chule waluma. Dokiso wadzipoletsa. Dokiso wamenya. Chule sanamve. Chule waluma. Dokiso wadzipoletsa.

Ana abwera kuchokera kusukulu, akhala pamphasa kuonerera. Wamng'ono wafunsa kuti awiriwa akumenyana kapena akupatsana moni. Patapita nthawi atuluka kukasewera fulaye. Nkhuku yalowa, yayang'ana galasi ndi diso limodzi, yagona pansi pa tebulo.

Ndayesa kuthawa. Phazi mulibe kanthu. Chule watsekereza njira mwaulemu.

Chodabwitsa n'chakuti mtima wanga unakhala pansi. Palibe wofa, palibe wopambana. Dzuwa likulowera pazenera, fumbi likuyandama m'kuwalako, kanyimbo ka udzudzu kakuzungulira. Ndinayamba kuganiza kuti chuleyu ali ndi banja kuseri kwa mitengoyo, ndipo naye anatuluka m'mawa ndi dongosolo lake. Mwina naye sanaionepo nyanja. Ndikanadziwa batani lake ndikanamupempha kuti tipitire limodzi.

NyaTembo alowa kudzatenga mchere, atuluka, aphika, abweranso. "Bambo a Tiwonge, ndi chule yemwe uja?" Ndati inde. Akuti mlandu wa malire a munda wa amalume awo unatha msanga kuposa pamenepa.

Chithunzi chachepa, chule wachepa, Dokiso wachepa. Azima limodzi, osagwirizana kanthu.

Masiku atsala awiri. Lamulungu sindingasewere, komanso galaja imakhala yotseka.

Lachisanu, 21 Juni

Lole ya a Shaba yathyoka sipuling'i, ali pakhomo. Akuti batire ndi lawo, ndiye ali ndi ufulu woonerera. Abwera ndi mpando wawo ndi chimanga chokazinga, akhala kumbuyo kwanga kwenikweni, mpweya wawo pakhosi panga.

Sanandilole kupereka moni m'mudzi. Akuti lowani m'nyumba iyo. Ndati mwini wake alimo. Akuti lowani. Mwini wake wangoima pakona akuyang'ana khoma. M'bokosi lake muli lupanga lachitsulo. Ndatenga. Ndanena mokweza kuti ndabwereka, ndibweza, kuti NyaTembo akhale mboni.

Nyemba zonse ku dzanja. Nthawi iliyonse chala changa chikasendera ku mankhwala, a Shaba akutsokomola.

Ndivomere, n'zokoma. Chule wa mawanga uja, kamodzi kokha, wagwa. Ndinamva chisoni pang'ono, sindinanene. Njuchi zagwa. Nguluwe yabwera ikufwenthera monga mwa masiku onse, Dokiso wakweza lupanga, pha! Nguluwe kulibe! A Shaba aimirira, chimanga chamwazika pansi, nkhuku yapindula. Kodi a Lungu amamva chonchi akamaliza suti?

Mitengo yayamba kuchepa. Pansi payera, ndikuganiza kuti ndi mchenga. Kanyimbo ka udzudzu kaleka, m'malo mwake kukumveka shii, kuleka, shii, ngati munthu akusesa bwalo lalikulu kutali. Pamwamba pa galasi padutsa timbalame toyera tiwiri, mapiko aatali. Kuno kulibe mbalame zoterozo. Ndaleka kudina. A Shaba akuti tiyeni, ine ndati dikirani, ndimve kaye.

Mlatho. Wamatabwa, wautali, mapeto ake ali kunja kwa galasi.

Mlondayo si munthu, si chilombo. Ndi nkhungu yokhala ndi maso awiri. Dokiso wamenya, lupanga ladutsa pakati ngati m'utsi. Wamenyanso, ladutsa. A Shaba akufuula Chitumbuka chokhachokha tsopano, "Timbani! Timbani chomene!" Ndatimba mpaka chala chatentha. Nkhunguyo imangomukuta Dokiso pang'onopang'ono, moyo wake ukutsika ngati palafini m'nyale. Mankhwala alibe, phazi alibe. Dzanja lonse lija laima pamenepo lopanda chogwira.

A Shaba akuti vuto ndi batire, likanakhala latsopano lupanga likanagwira. Atenga mpando wawo, apita.

Pa chakudya ndatchula za nkhunguyo. NyaTembo andiyang'ana, akuti kwawo ku Edingeni sanaonepo munthu akudula nkhungu ndi chikwanje, imachoka yokha dzuwa likatentha kapena ukasonkha moto. Anena akuchotsa minga ya usipa, ngati nkhani wamba.

Moto. Umene ndinalonjeza Mayi Moyo.

Loweruka, 22 Juni

M'mawa wonse pakhonde ndalimbana ndi chikumbumtima. Ndafika apa: simbi yanga imadya makala amoto tsiku lililonse, ndipo ndi yomweyo imasita mwinjiro wa abusa. Moto ndi moto. Wa Dokiso ndiutcha simbi. Mayi Moyo adutsa kupita kumsika, ndinawerama kufunafuna singano imene sinagwe.

Batire ladzaza. A Shaba apita ku Luwawa ndi sipuling'i yatsopano. Ana ndawatuma kwa azakhali awo. Ndasamba m'manja.

Nkhokwe ziwiri zokha, dzanja la nguluwe, simbi ya mlonda. Phazi ndi mankhwala zili mbee. Sindikanapirira kuziona, ndiye ndadula kansalu ka kaki, ndamata ndi phala pagalasi pamene zimaonekera. Lupanga ndabwerekanso kwa bambo wa pakona uja.

Nkhalango yatenga nthawi kuposa dzulo, poti dzanja likugawana chakudya ndi mnzake. Nguluwe yafuna kumenyedwa katatu, ndipo isanagwe yam'pweteka Dokiso kwambiri. Tapitirira. Mchenga. Kusesa kuja. Timbalame.

Maso awiri m'nkhungu.

Ndadina simbi. Sunali wa machesi onyowa ayi. Galasi lonse linayera, NyaTembo anaona kuwalako ali panja, anabwera ndi lichero m'manja. Nkhungu yachepa. Yam'kuta Dokiso, moyo watsika. Ndaponyanso. Yachepa. Yam'kuta. Ndaponya kachitatu. Kenako patsala maso okha, aphethira, azima.

Mlatho uli pululu.

Dokiso watsala ndi kadontho kamodzi ka moyo, kakuthwanima. Ndam'kweza pamatabwa oyamba. Pansi pake pakuoneka timizere toyenda, madzi, koma a mtsinje chabe, nyanja ikadali kutsogolo. Kusesa kuja kwakula. Ndinamva ngati mchere pamilomo, mwina linali thukuta.

NyaTembo ali pakhomo akuti, "Yendani, bambo a Tiwonge."

Koma taonani mmene zinalili. Mwana wa kadontho kamodzi. Mankhwala alibe. Kamba alibe. Pamlatho wautali chotero ndani akudziwa chimene chabisala pakati, njuchi imodzi yokha ikwana. Lupanga ndi la eni ake. Ndipo sanatsanzike aliyense. Munthu amakwera sitima kupita kutsidya kwa nyanja osatsanzika? Anzanga onse popita ku Joni anayenda khomo ndi khomo, amayi awo anawakazingira nsawawa. Mudzi suli kutali, nkhalango tayeretsa kale, chithunzi chikadali chodzaza galasi.

"Yendani," akutero NyaTembo kachiwiri, motsitsa mawu.

Ndam'tembenuza.

Kumudzi ndamugoneka m'nyumba ya alendo, wadzuka moyo wodzaza. Ndamugulira mankhwala a m'botolo ndi mkate. Lupanga ndayesa kubweza, bokosi likukana kulandira, ndiye ndaima patsogolo pa mwini wake ndamufotokozera. Ndatsanzika wosula zitsulo, mayi wa pachitsime, ana awiri a pamphambano, ndi galu. Aliyense wayankha mawu omwe aja a Lolemba. Sizinatenge nthawi yaitali, mmene ndinkaonera ine.

Tili pakati pa nkhalango, m'mbali mwa galasi mwada.

Phazi! Phazi mulibe kanthu! Dokiso akuyenda mwaulemu, ngati wopita kukapereka chopereka. Ndadina mwamphamvu, sizithandiza. Ndasolola kansalu ka kaki kuti ndione bwino. Mitengo ikuchepa chifukwa tikufika, galasi likuchepa chifukwa cha batire, sindikudziwanso chikuchepetsa china ndi chiti. Pamchenga chithunzi chinali ngati envulopu. Pamlatho, ngati bokosi la machesi. Dokiso ngati nsabwe, akuyenda pamatabwa, ali ndi mkate wake, mankhwala ake, watsanzika bwinobwino. Kutsogolo kwake kunayamba kutuwa mtundu wina, mzere wopingasa, sindingalumbire. Ndinaika mphuno pagalasi.

Kadontho koyera. Kenako nkhope yanga.

NyaTembo anaika lichero pansi. Anandiikira tiyi pambali, shuga wambiri kuposa wa masiku onse.

Lamulungu, 23 Juni

Kutchalitchi ndanyamula mbale ya chopereka monga mwa nthawi zonse. Mayi Moyo aponya yawo akundiyang'ana m'maso.

Alamu afika masana, nsapato zili fumbi, anyamula nkhuku ya kwa apongozi. Asanakhale n'komwe akuti, nanga alamu, nyanja? A Shaba amva, abwera pampanda. Ndanena zonse mmene zinayendera. Sindinawonjezere mzere wotuwa uja, poti sindingalumbire.

Ndimadikira kuseka. A Shaba aseka, NyaTembo alowa m'khichini. Alamu ayi. Akhala pansi pang'onopang'ono, nkhuku ikadali m'khwapa.

"Mukuti mlonda yura amafa?"

Ndati amafa.

Chaka chathunthu ali nako kabokosi aka. Madzulo alionse akaweruka, zonse ku dzanja, mpaka pamlatho, nkhungu, kubadwanso. Iwo ndi anzawo onse a m'chipinda chawo ankati ndi pamene masewerawo amathera, kuti azungu anaika dala. Nyanja ndi sitima anaziona pachithunzi cha pakatoni m'sitolo momwe anagula. Andifunsa kuti zingati ku dzanja, zingati ku moto, ndibwereze, pang'onopang'ono. Ndabwereza. Akuti yewo, alamu, yewo chomene. Sanandithokozepo chotere, ngakhale pamene ndinawasokera malaya a ukwati.

Afuna tiyese pomwepo. Batire lilibe kanthu, galaja ndi yotseka. Alumikizabe, adina, agogoda batire ndi mwala. Takhala awiri patsogolo pa galasi lakuda tikuonamo mitu yathu.

Akuti palibe vuto, ku Joni magetsi ndi a pakhoma, satha. Akangofika awoloka.

Adzawolokadi. Ndipo pa Khirisimasi, pakhonde la kwa apongozi, adzafotokoza mmene nyanjayo ilili, kukula kwa sitima, zimene zili kutsidya. Amuna adzatchera khutu. Mwina adzatchula kuti za moto anamva kwa ine, mwina ayi. Nkhani imeneyonso idzakhala yawo.

Ndapukuta phala pagalasi ndi kansalu konyowa. Zingwe ndakulunga chilichonse pachokha, ngakhale ndikudziwa mmene zikafikire. Katoni ndamanga ndi chingwe cha sisalo, ndaika chogwirira kuti isawadule zala. Basi ndi ya mawa m'mawa, ndiwaperekeza ku depoti panjinga, kenako pakhonde la sitolo. Aphunzitsi akubwera kudzatenga thalauza lawo.